Pepala lonyezimira kudenga: pomwe limathandiza ndi pomwe limangodya ndalama

Kuyambira pa 30 June mpaka pa 30 July 2023, mzinda wa Phoenix ku Arizona, m'dziko la America, udakhala masiku 31 otsatizana kutentha kukufika madigiri 43 kapena kupitirira apo. Chakacho chitatha, a zaumoyo m'boma la Maricopa County, momwe muli mzindawu, adawerengera anthu 645 omwe adamwalira ndi kutentha. Ambiri adafera panja. Koma ofufuza a pa Arizona State University akhala akuonetsa chinthu china chodetsa nkhawa: mwa anthu omwe kutentha kumawaphera m'nyumba, ochuluka modabwitsa amakhala a m'nyumba za mtundu umodzi, zomwe kumeneko amazitcha mobile home. Nyumbazi ndi pafupifupi zisanu zokha pa nyumba 100 zilizonse m'deralo, koma gawo lake pa imfa za m'nyumba ndi lalikulu kangapo kuposa pamenepo.

Mobile home ndi nyumba yomangidwira kufakitale pa chimango chachitsulo chokhala ndi mateyala. Thiraki imaikoka mpaka pamalo pomwe mwiniwake wagula kapena akuchita lendi, amaikhazika pa mabuloko a simenti, ndipo nthawi zambiri sisunthanso mpaka kukalamba. Anthu pafupifupi 20 miliyoni a ku America amakhala m'nyumba zoterezi, ambiri mwa iwo opeza movutikira komanso achikulire omwe adapuma pantchito. Yofala kwambiri imakhala mamita anayi ndi pang'ono mulifupi, mamita 20 kapena kuposerapo mulitali, poti iyenera kukwana pamsewu. Pa 15 June 1976 boma lidayamba kutsatitsa malamulo a kamangidwe kake kudzera ku nthambi yoona za nyumba ya HUD, ndipo mu 1994 lidakhwimitsa gawo lokhudza kutentha ndi kuzizira. Zomwe zidamangidwa 1976 isanafike zikadalipo zambiri, ndipo ndizo zimaotcha koopsa. Zipupa zake ndi zopyapyala, khungu lake lakunja ndi chitsulo, denga ndi lata lopindika pang'ono, ndipo pakati pa dengalo ndi siling'i pali kampata koti munthu sangalowemo ngakhale chokwawa.

Wokhala m'nyumba yotere akafunsa njira yotchipa yochepetsera kutentha, kawirikawiri amamulozera ku pepala lonyezimira la aluminiyamu, logulitsidwa m'mipukutu. Pa mpukutupo pamalembedwa kuti limabweza 97 pa 100 ya kutentha. Ogulitsawo sakunama. Alipo ambiri omwe adaligula, kulikhoma, osamva kusintha kulikonse, ndipo nawonso sakunama. Pepalali limatseka njira imodzi yokha mwa njira zitatu zomwe kutentha kumadzera, ndipo ngakhale imodziyo limaitseka pokhapokha likaikidwa moyenera.

Njira zitatu za kutentha

Mukakhala pafupi ndi mbaula yomwe pali poto mukumana nazo zonse zitatu. Chogwirira cha poto chimaotcha ngakhale sichili pamoto, chifukwa kutentha kumayenda m'chitsulo momwemo kuchoka potentha kupita pozizira. Imeneyi ndi njira ya kukhudzana. Mukaika dzanja pamwamba pa makala mumva mpweya wotentha ukukwera, utanyamula kutentha kupita nako kumwamba, ndipo iyi ndi njira yachiwiri. Yachitatu ndi ija imakuwambani kumaso ndi m'miyendo mutakhala chapambali, musakugwira kanthu, mpweya wotenthanso usakubwera kwa inu. Kutentha kumeneko kumabwera ngati cheza, kuyenda molunjika monga kuwala, kungoti maso sakuona. Wina akangodutsa pakati pa inu ndi mbaulayo, kumatha nthawi yomweyo.

Chinthu chilichonse chotentha chimatulutsa cheza chotere, ndipo chezacho chimachuluka mofulumira kwambiri chinthucho chikamatenthera. Zotchinga kutentha zachizolowezi, monga fibreglass wooneka ngati thonje uja kapena mabolodi a thovu louma, zimalimbana makamaka ndi njira ziwiri zoyambazo. Zimatsekera mpweya m'timipata tambirimbiri kuti usayende, ndipo mpweya wongokhala duu suyendetsa kutentha bwino. Pepala la aluminiyamu silichita zimenezo. Ntchito yake ndi cheza basi.

Ndiye tiyeni tione zomwe zimachitika kudenga masana. Dzuwa likafika paliwombo, sikweya mita iliyonse ya denga imalandira mphamvu pafupifupi mawati 1,000. Unduna woona za mphamvu ku America, Department of Energy, umati denga wamba limatha kufika madigiri 65 kapena kuposa masana otentha. Lata likapsa chonchi, kutenthako kumafuna potsikira. Mwa njira ya mpweya sikutsika bwino, chifukwa mpweya wotentha ndi wopepuka, umangokakamira kumwamba komweko kunsi kwa lata. Mwa njira ya kukhudzana kumatsika pang'ono kudzera m'matabwa. Njira yaikulu yotsala ndi cheza: kunsi kwa lata kumawamba siling'i, siling'i n'kuwamba anthu. N'chifukwa chake pepala lonyezimira lili ndi malo amodzi pomwe limapambana kwenikweni, omwe ndi pansi pa denga lotentha m'nyengo yotentha. Kukazizira zinthu zimatembenuka. Kutentha kwa m'nyumba kumathawira kumwamba, mpweya umakunyamula mosavuta, ndipo pepalalo silithandiza mokwanira. Wa kumadera ozizira ngati Minnesota kapena Michigan ndi bwino ndalama zake agulire fibreglass. Wa ku Texas, Florida ndi Arizona ndiye ali ndi chifukwa choganizira za aluminiyamu.

Akatswiri amayeza kuchuluka kwa cheza chomwe chinthu chimatulutsa pa muyeso woyambira pa 0 kufika pa 1. Thabwa, njerwa, penti ya mtundu uliwonse ndi lata lakale lochita fumbi, zonsezi zili cha m'ma 0.9. Aluminiyamu wosalala wonyezimira ali pakati pa 0.03 ndi 0.05. Ndipo chinthu chomwe sichitulutsa cheza sichimwanso cheza, chimangochibweza. Apa ndi pomwe pachokera 95 kapena 97 pa 100 ya pa mpukutu ija.

Tiyerekeze ndi masamu. Lata lili pa madigiri 70, pamwamba pa siling'i pali pa madigiri 35, ndipo zonse ziwiri ndi zinthu wamba za 0.9. Cheza chotsika kuchoka ku lata kupita pa siling'i ndi pafupifupi mawati 225 pa sikweya mita. Mbali imodzi ikangokhala aluminiyamu wa 0.05, chimatsala cha mawati 14. Kusiyana kwake n'kwakukulu zedi, koma awa ndi masamu a papepala. M'nyumba yeniyeni siling'i siikhazikika pa madigiri 35, imatenthera limodzi ndi dengalo. Mpweya wa m'kampata muja umatenthabe, matabwa nawo amayendetsabe kutentha. Masamuwa akungoonetsa kukula kwa njira yomwe ikutsekedwa, osati mpumulo womwe munthu aumve akagona.

Chomwe ambiri sachiyembekezera ndi chakuti mbali yonyezimira siyenera kuyang'ana ku lata kuti igwire ntchito. Ikayang'ana kumwamba, imabweza cheza. Ikayang'ana pansi, pepalalo limatentha ndithu, koma silitayira kutenthako pansi, poti aluminiyamu satulutsa cheza. Tsiku loyamba zotsatira zake ndi zofanana. Pakapita zaka zimasiyana, ndipo chosiyanitsa ndi fumbi. Fumbi ndi chinthu wamba ngati thabwa kapena njerwa. Likaunjikana pa mbali yoyang'ana kumwamba, pepalalo limayamba kumwa cheza ngati pepala lina lililonse. Kumbali yoyang'ana pansi fumbi siligwerako. Amene amayala pepalali chogona pamwamba pa siling'i, chifukwa choti kutero n'kosavuta, amakhala atagula chinthu chomwe mphamvu yake izichepa chaka ndi chaka.

Mpata wa mpweya

Cheza chimafuna danga loti chidutsemo. Zinthu ziwiri zikagundana palibenso cheza pakati pake, kutentha kumangowoloka mwa njira ya kukhudzana, ndipo pa njira imeneyo aluminiyamu ndi katswiri. Paja ndi amene timapangira mapoto. Pepala lopanikizidwa pakati pa lata ndi bolodi, kapena pakati pa chipupa ndi thabwa, mbali zonse ziwiri zitagundana ndi chinthu, ndi ndalama zotayidwa. Mbali yonyezimira imodzi yokha ndiyokwanira, koma iyenera kuyang'anana ndi mpweya. Department of Energy imalangiza mpata wosachepera masentimita awiri ndi theka, ndipo imati pokhoma kunsi kwa denga pepalalo lizisiyidwa lolendewera pang'ono pakati pa matabwa kuti mpatawo upezeke.

Pali mtundu wina wotchuka kwambiri pakati pa eni mobile home ndi eni magalimoto ogonamo: mapepala awiri a aluminiyamu okhala ndi pulasitiki ya tithovu ta mpweya pakati, monga wa kampani ya Reflectix. Amaduka ndi sizasi, sayabwa m'manja ngati fibreglass, ndipo ukamugwira amaoneka ngati chinthu champhamvu. Ku America mphamvu ya chotchinga kutentha amaiyeza ndi nambala ya R. Nambalayo ikakula ndiye kuti chinthucho chikutchinga kwambiri. Pepala la tithovuli palokha lili cha pa R-1. Fibreglass wokhuthala masentimita 9, wodzaza chipupa wamba, ali pa R-11 kapena R-13. Manambala akuluakulu omwe amaoneka pa mipukutu ya pepala la tithovu amawerengera pepalalo limodzi ndi mipata ya mpweya yotsekeka m'mbali mwake, komanso kutentha kukulowera mbali inayake. Bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission lidakhazikitsa lamulo la kalembedwe ka manambala a R mu 1979, ndipo timalemba ting'onoting'ono tofotokoza za mipatayo timakhalapo ndithu pa mpukutu. Kungoti owerenga timalembato ndi ochepa. Ine ndimaona kuti tithovuto munthu amatilipira zambiri pa phindu lochepa. Pepala lolimba lopanda tithovu, likaikidwa ndi mpata wake, limachita gawo lalikulu la ntchito yomweyo.

Nanga likaikidwa bwino, phindu lake limakhala lotani? Malo ofufuzira a Florida Solar Energy Center ndi Oak Ridge National Laboratory ya ku Tennessee adayesa mapepalawa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo chiwerengero chomwe boma limapereka ndi chakuti m'madera otentha a dzuwa lambiri ndalama zoziziritsira nyumba zimatsika ndi 5 mpaka 10 pa 100. Kuchoka pa 97 kufika pa 10 pali mtunda, koma palibe chinyengo. Denga ndi khomo limodzi chabe. Kutentha kwina kumalowa pamawindo, m'zipupa ndi m'ming'alu, kwina kumachokera mkati momwemo, ku chitofu, firiji ndi matupi a anthu. Komanso nyumba zoyeserazo zinali kale ndi fibreglass pa siling'i, choncho pepalalo linkangowonjezera pa ntchito yomwe idachitika kale. Siling'i ikakhala ndi zotchinga zochepa, phindu la pepala limakula. Mobile home yakale, yomwe fibreglass wake ndi wopyapyala ndipo mwina adanyowapo n'kuphwatalala, ili kumbali yopindula kwambiri.

Vuto ndi poliika. M'nyumba wamba munthu amakwera kudenga n'kukhoma pepala kunsi kwa matabwa. Mu mobile home mulibe kokwera. Ena amalikhoma mkati, pansi pa siling'i yakale, kenako amaika timatabwa topanga mpata ndi mabolodi atsopano. Zimatheka, koma siling'i ya nyumba zakalezi imakhala kale pafupi, mamita awiri ndi pang'ono, ndiye kuitsitsanso si chinthu chosangalatsa. Ogwira ntchito pansi pa pulogalamu ya boma ya Weatherization Assistance Program, yomwe idayamba mu 1976 pofuna kuthandiza mabanja ovutika, nthawi zambiri amachita zina: amatukula m'mphepete mwa denga kapena kubowola, n'kupopera fibreglass mpaka kampata konse kadzaza. Zikatero mpata wa mpweya watha, nkhani ya pepala yathanso, ndipo palibe cholakwika. Kudzaza kumeneko kumathandiza nyengo yotentha ndi yozizira yomwe. Pepala lonyezimira limapeza malo ake enieni munthu akamamanga denga lina pamwamba pa lakalelo, chifukwa pakati pa madenga awiriwo mpata umakhalapo wokha. Ku Arizona ena amapitirira apo n'kumanga chisakasa chachikulu choima pa mizati yakeyake, chophimba nyumba yonse. Dzuwa silifikanso pa lata, ndipo mphepo imadutsa pakati.

Kunja kwa denga nkhani ndi ina

Munthu angaganize kuti ngati chonyezimira n'chabwino mkati, ndiye kuti denga longa siliva ndi lozizira kuposa onse. Sizili choncho. Denga lomwe lili padzuwa liyenera kuchita zinthu ziwiri: kubweza kuwala kwa dzuwa, ndi kutaya msanga kutentha komwe lamwa. Chitsulo chonyezimira chimabweza kuwala kochuluka ndithu, koma chomwe chamwa chimasunga, chifukwa cha khalidwe lomwe lija losatulutsa cheza. Khalidwe lomwe ndi dalitso kunsi kwa denga limasanduka chilema pamwamba pake. Penti yoyera yabwino imabweza 70 mpaka 80 pa 100 ya kuwala kwa dzuwa, ndipo pa kutulutsa cheza ili pa 0.9, choncho chomwe yamwa imachitayira kumwamba. N'chifukwa chake denga loyera limazizira kuposa lata losapenta, komanso kuposa penti ya phula yosakaniza ndi aluminiyamu yomwe eni mobile home akhala akupaka kwa zaka zambiri. Department of Energy imati denga lobweza dzuwa limatha kuzizira ndi madigiri oposa 28 poyerekeza ndi denga wamba pa dzuwa lomwelo.

Yomwe amapaka pa mobile home ndi penti yoyera yokhuthala, yotamuka ngati mphira, yomwe imamatanso timing'alu todontha. Ntchito yaikulu ili pokonzekera: kutsuka denga, kupala dzimbiri, kumata molumikizira malata ndi mozungulira mapaipi, kenako kupaka kawiri kunja kuli kouma. Denga la nyumbazi ndi losalimba, ndiye wopaka amayala thabwa lalikulu loti aziponda. Likachita fumbi mphamvu yake imatsika, choncho limafuna kutsukidwa, ndipo pakapita zaka limafuna kupakanso. Kwa munthu wa ndalama zochepa, ine ndingati ndalama yoyamba ipite apa. Kutentha komwe kwabwezedwa kusanalowe sikufunanso kutchingidwa mkati.

Mawindo ndi pomwe pepala la tithovu lija limaoneka kwambiri, lodulidwa n'kulowetsedwa kuseri kwa galasi. Limathandiza, makamaka pa mawindo a kumadzulo, pomwe dzuwa la masana limalowa chopendekeka nyumba itatentha kale. Koma likakhala mkati, kuwalako kumakhala kutadutsa kale galasi, ndipo kutentha kumaunjikana pakati pa galasi ndi pepalalo. Pa mawindo a magalasi awiri zimenezi zimatha kuononga zomatira kapena kung'ambitsa galasi. Chotchinga chakunja chimaposa chamkati nthawi zonse. Kadenga ka pamwamba pa windo, malinga ndi Department of Energy, kamachepetsa kutentha kwa dzuwa mpaka 65 pa 100 pa mawindo a kumwera ndi 77 pa 100 pa a kumadzulo. Kumwera kumeneko ndi kwa ku America, komwe dzuwa limadutsira mbali imeneyo.

Kunsi kwa nyumba pepala silithandiza kwenikweni pa kutentha. Pansi pali kale mthunzi.

Pali malire omwe pepala, penti kapena chisakasa sizingadumphe. Zonsezi sizipanga kuzizira, zimangoletsa nyumba kutentha kuposa mpweya wakunja. Kunja kukakhala madigiri 45, nyumba yopanda makina oziziritsira imafika chapomwepo ngakhale itatchingidwa bwino chotani. Malipoti a Maricopa County amaonetsa kuti ambiri mwa omwe amafera m'nyumba amakhala ali ndi eyakoni, koma yakufa kapena yosayatsa. Fani nayo ili ndi polekezera: bungwe la zaumoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza kuigwiritsa ntchito kutentha kukakhala kochepera madigiri 40, chifukwa kupitirira apo imangopemerera thupi mpweya wotentha. Phindu lenileni la zotchingazi m'madera oterewa ndi loti eyakoni yaing'ono imakwanitsa ntchito, ndipo bilu ya magetsi imafika poti munthu saopa kuiyatsa.

Chinyezi ndi magetsi

Aluminiyamu wopanda mabowo salola nthunzi kudutsa. Mpweya wofunda wa chinyezi ukakhudza chinthu chozizira umasiya mame. Nyengo yozizira, nthunzi ya kuphika, kusamba ndi kupuma imakwera kudutsa siling'i, ndipo ikapeza pepala lozizira pamwamba pa fibreglass imasanduka madzi pomwepo. Fibreglass amanyowa, matabwa amawola, nkhungu imamera. Ku Florida ndi Louisiana zimachitika chotembenuka: chinyezi chili kunja, chozizira ndi chipupa cha chipinda cha eyakoni. N'chifukwa chake amapanga mapepala obowoledwa timabowo ting'onoting'ono, oti nthunzi izidutsa. Lata palokha silidutsa nthunzi, ndiye munthu akaika pepala lopanda mabowo mbali inayo amakhala atatsekera chilichonse chili pakati, ndipo chikanyowa sichidzaumanso.

Ngozi ya magetsi ndiyo yoopsa kwambiri, ndipo phunziro lake lidachokera ku Australia. Mu February 2009 boma la nduna yaikulu Kevin Rudd lidalengeza pulogalamu yolipirira zotchinga kutentha m'madenga a nyumba za anthu, ndipo nyumba zoposa miliyoni imodzi zidafikiridwa. Anyamata anayi ogwira ntchitoyi adamwalira, atatu ndi magetsi, mmodzi ndi kutentha kwa kudenga. Awiri mwa atatuwo ankakhoma pepala la aluminiyamu ndi timisomali tachitsulo. Kamodzi kakabowola waya, pepala lonse limagwira magetsi. Pulogalamuyo idatsekedwa mu February 2010. Wokhoma pepalali azimitse magetsi a nyumba yonse asanayambe, adziwe momwe mwadutsa mawaya, alisiye kutali ndi mabokosi a magetsi ndi nyale, ndipo agwire ntchito m'mamawa denga lisanapse. M'nyumba yomwe khungu lake ndi chimango chake ndi zachitsulo, kusamala kumeneku kumawirikiza.

Malata athu ndi makontena

Kuno kwathu mobile home sizioneka, koma nyumba ya malata yopanda siling'i ndi kontena yosandutsidwa shopu kapena ofesi ndi abale ake enieni. Ku Lilongwe dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kumapeto kwa October, kenako pakati pa February. Ulendo wa October umabwera mvula isanagwe, kumwamba kuli mbee, ndipo m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, kutentha kumapitirira madigiri 40. Denga la udzu linali chotchinga kutentha palokha, chifukwa udzu wokhuthala umasunga mpweya wongokhala. Banja likachotsa udzu n'kukhoma malata limapeza denga lolimba, koma chotchinga chija chimapita, ndipo pakati pa lata lotentha ndi mitu ya anthu sipakhalanso kanthu. Apa ndi pomwe pepala lonyezimira limapindulitsa kuposa m'nyumba zonse zomwe zidayesedwa ku Florida ndi Tennessee.

Amisiri ambiri amalidziwa ndi dzina loti sisalation, la mtundu wina wofala ku South Africa. Nthawi yabwino yoliika ndi pokhoma denga, malata asanakwere. Likayalidwa pa matabwa aakulu otsetsereka, matabwa okhomerapo malata n'kubwera pamwamba pake, mpata wa mpweya umapezeka wokha. Likayalidwa kunsi kwenikweni kwa malata limagwirabe ntchito, bola mbali yonyezimira iyang'ane pansi ndipo kunsi kwake kukhale danga. Poyala amayambira m'munsi kukwera kumtunda, lapamwamba likuphimba m'mphepete mwa lapansi, kuti mame odontha kuchokera ku malata atsetserekere kunja. Lisapentedwe. Ndipo m'chipinda chomwe mumasonkhedwa moto musataye ndalama zanu: mwaye ukakuta mbali yonyezimira, pepalalo latha ntchito.

Mpweya wotentha wa kudenga umafunanso potulukira. Ambiri timatseka mpata wa pakati pa khoma ndi malata ndi njerwa, ndipo chifukwa chake ndi chomveka, poti udzudzu umalowera pomwepo. Kusiya timawindo m'mwamba mwa makoma n'kutchingapo ndi sefa ya waya kumateteza ku udzudzu popanda kutsekera kutentha. Mtundu wa malata nawo ndi nkhani. Masiku ano okonda malata akuda, obiriwira moderako ndi ofiira moderako achuluka, ndipo ndi okongoladi, koma amamwa dzuwa kwambiri kuposa oyera. Wogula malata a utoto ku Salima, Mangochi kapena Karonga akasankha oyera kapena otuwira amakhala atachepetsa kutentha asanagule pepala lililonse.

Kusiyana kumodzi pakati pa nyumba zathu ndi mobile home ndi makoma. Mobile home imatentha msanga ndi kuzizira msanga, poti ilibe chosunga kutentha. Khoma la njerwa limamwa dzuwa tsiku lonse n'kumalibweza usiku, makamaka la kumadzulo, ndipo pepala la kudenga silingachitepo kanthu. Pamenepo chofunika ndi khonde kapena mtengo wamthunzi. Usikunso pepalalo limachedwetsa kutentha kwa m'nyumba kutulukira kudenga, choncho mawindo okhala ndi sefa ayenera kutsegulidwa kunja kukangozizira.

Kontena ndiye chitsulo mbali zonse, ya mamita 6 kapena 12 mulitali. Choyamba ndi denga lina pamwamba, lokwezedwa kuti mphepo izidutsa, lotulukira m'mbali kuti lichitire mthunzi makoma. Kenako penti yoyera kunja. Pepala lonyezimira limabwera pambuyo, mkati, pa timatabwa topanga mpata, mabolodi n'kuphimba. Koma chinthu chimodzi chimatheka pa tsiku lokhalo lomwe lole ikutsitsa kontenayo, ndipo n'chimodzimodzi ndi mobile home ikamakhazikidwa: mbali zifupizifupi ziyang'ane kum'mawa ndi kumadzulo, kuti dzuwa la m'mawa ndi la masana lisamenye khoma lalitali. Kutero sikufuna ndalama ina, pomwe kudzaitembenuza pambuyo pake kumafuna kuitanitsanso lole ya kireni.